Ku Alfred, Mbiya Ikasweka Amaiwerenga

Uvuni ukatentha kupitirira madigiri 1,200, munthu sasuzumiramo ndi maso chabe. Amavala magalasi akuda a owotcherera zitsulo, n'kusolola kanjerwa kotseka kabowo ka pachitseko, ndipo mkatimo zonse zimaoneka mbee, moti mbale ndi shelefu imene yakhalapo sizisiyanitsika. Chimene akufunafuna si mbale ayi. Akufuna timakoni titatu, tinthu tosongoka ta mbali zitatu, totalika pafupifupi masentimita 6, tozikidwa pa kabulumwa ka dongo moyang'anizana ndi kabowoko. Kakoni kalikonse anakasakaniza kuti kafewe ndi kuwerama pa moto wakewake. Koyamba kakagona, nthawi yayandikira. Kachiwiri kakawerama mpaka nsonga kukhudza pansi, zimitsani. Kachitatu kakagwanso ndiye kuti mwapyola, ndipo potsegula mudzapeza glaze, galasi lopyapyala lokuta mbale, itayenderera n'kumata mbale pa shelefu.

Chida choyezera kutentha chilipo, ndipo manambala chimasonyeza bwinobwino. Koma dongo silipsa ndi kutentha kokha. Limapsa ndi kutentha pamodzi ndi nthawi, ndipo madigiri 1,280 ofikiridwa mwaliwiro safanana ndi madigiri omwewo ofikiridwa pang'onopang'ono usiku wonse. Kakoni, poti nakonso n'kopangidwa ndi zinthu za mtundu womwewo ndi za mu glaze, kamaumva moto monga mmene mbale ikuumvera. Anatulukira nzeruyi ndi Hermann Seger wa ku Germany mu 1886, ndipo Edward Orton Jr. anayamba kupanga akeake ku Columbus, Ohio, mu 1896. Kanthu kameneka kanyamula mtima wonse wa sukulu imene ndikufuna kuikamba, sukulu imene inakana kuti ntchito ya manja izidalira mwayi.

Dzina lake ndi New York State College of Ceramics, ndipo ili m'kamudzi ka Alfred, kumadzulo kwa chigawo cha New York ku America. Tikamva za New York timaganiza nyumba zosanja zofika kumitambo, koma Alfred ali kutali nazo, ulendo wa maola 5 ndi kupitirira pagalimoto, pakati pa zitunda ndi nkhalango za Allegany kumene chipale chofewa chimakuta misewu miyezi ingapo pachaka. Kakhalidwe ka kolejiyi n'kachilendo ndithu. Ndi ya boma, imathandizidwa ndi ndalama za boma la New York, koma ili m'bwalo la Alfred University, sukulu yoima payokha imene anthu a mpingo wa Seventh Day Baptist anayambitsa mu 1836, ndipo yunivesiteyo ndiyo imaiyendetsa tsiku ndi tsiku. Lamulo loikhazikitsa analisaina mu 1900 ndi bwanamkubwa Theodore Roosevelt, amene chaka chotsatira anakhala pulezidenti wa dziko lonselo. Poyamba inkatchedwa New York State School of Clay-Working and Ceramics.

Chimene chinakokera sukulu yotere kumudzi ngati umenewu chinali pansi pa nthaka. M'zigwa za kumeneko muli thanthwe lofewa la magawomagawo, limene ukalipera n'kulinyowetsa limasanduka dongo lopsa mofiira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 kampani ya Celadon Terra Cotta inayamba kuumba nalo matailosi ofolera madenga, ndipo mpaka lero nyumba zina zakale za m'mudzimo madenga ake ndi ofiira. Fakitale inapsa mu 1909, koma kaofesi kake ka 1892 kadakalipo, kanyumba kakang'ono kodzaza kunja konse ndi njerwa ndi zokongoletsa zoumba za mitundumitundu, kuti wogula azingoloza pakhoma chimene wachikonda. Amene anavomereza ndalama za sukuluyi ankaganiza kwambiri za njerwa, matailosi, mapaipi ndi mbale za m'mafakitale. Kuti pamalo pomwepo pakulenso luso lapamwamba loumba, zinadza ndi munthu amene anamuitana kudzatsogolera.

Charles Fergus Binns anabadwira ku Worcester, ku England, mu 1857. Bambo ake anali m'modzi wa akuluakulu a fakitale yotchuka ya Royal Worcester, ndipo iye analowamo ali ndi zaka 14. Anakulira m'dongosolo limene kapu imodzi inkadutsa m'manja ambirimbiri: uyu kusakaniza dongo, uyu kulithira m'chikombole, uyu kumata chogwirira, uyu kujambula maluwa, uyu kupaka golide m'mphepete, uyo kusonkhezera moto. Aliyense anali katswiri pa kachigawo kake, koma panalibe wotha kunena kuti kapu iyi ndaumba ndine. Kasakanizidwe ka dongo ndi glaze kanali chinsinsi cha kampani, ndipo m'mafakitale ambiri a nthawiyo osunga chinsinsiwo ankangodziwa kuti muyeso wakutiwakuti umatheka, osadziwa chifukwa chake. Binns anasamukira ku America mu 1897, ndipo atapatsidwa sukulu ya ku Alfred anachita zosemphana ndi zimene anakuliramo. Anafuna kuti wophunzira m'modzi ayende njira yonse, kuyambira pa dongo laliwisi mpaka kutsegula uvuni. Anafunanso kuti glaze izifotokozedwa m'kalasi, ndi manambala ake, aliyense akumva. Anatsogolera mpaka 1931, ndipo buku lake la 1910, The Potter's Craft, linafikitsa maphunziro omwewo kwa anthu amene sanapondeko ku Alfred.

Mitsuko ya Binns mwiniwake ndi yofatsa moti wothamanga akhoza kuidutsa osaiona. Ilibe maluwa, ilibe golide. Khosi, phewa, mimba, phazi, basi. Ankayamba wajambula mzere wa mtsuko papepala. Kenako ankaumba zigawo zake padera pa gudumu loumbirapo, kuzisiya zilimbe pang'ono, kuzilumikiza, n'kupala kunja ndi kachitsulo mpaka dongo lifanane ndi mzere wa papepala uja. Maso ake anali pa mitsuko yakale ya ku China, ndipo ankaotcha pa moto waukulu umene umalimbitsa dongo mpaka madzi osalowanso, chimene amati stoneware. Kukongola konse anakusiyira glaze: yakuda pamene yachindikala, yowala pang'ono paphewa pamene yapyapyala, yonenepa m'munsi pamene inatsetsereka n'kuima itangotsala pang'ono kufika paphazi. Kuima pamenepo si ngozi. Ndi ntchito ya munthu wodziwa kuti glaze yochindikala chonchi, pa moto wotere, iyenda mtunda wotani. Kunsi kwa mtsuko ankalemba zilembo zoyamba za maina ake ndi chaka. Oumba a m'badwo wotsatira, amene ankakonda mbiya yooneka zala za mwiniwake, ankaona ngati ntchito imeneyi ndi yowongoka mopyola muyeso. Ndikuwamvetsa, koma sindili nawo kwenikweni. Munthu wochokera kumene mbale inkatamandidwa ndi kuchuluka kwa golide, kusankha mtsuko wopanda chokongoletsa chilichonse kunafuna kulimba mtima.

Wophunzira wa ku Alfred amazindikira msanga kuti dongo loumbira nthawi zambiri silichokera pa dzenje limodzi, limachita kusakanizidwa. Kaolin ndi loyera ndi lopirira moto, koma silimvera zala, ukalipinda limathyoka. Ball clay ndi lonanda, limapindika mmene ukufunira, koma pouma limafwaphira kwambiri. Feldspar ndi mwala wopera umene umasungunuka pang'ono m'moto n'kumata timibulu tonse pamodzi. Silica ndi mchenga woperedwa kukhala ufa. Pa chinthu chachikulu kapena chochindikala amawonjezamo dongo lowotcha kale losinja, monga mmene oumba mbiya kwathu kuno amasinjira mapale n'kuthira m'dongo kuti mbiya isang'aluke pouma ndi pootcha. Chifukwa chake n'chimodzi uku ndi uko: timibulu topsa kale sitifwaphiranso, ndipo timatsegulira chinyezi njira yotulukira. Zikatero amalikanda patebulo, kulipinda ndi kulikankha ndi zikhatho maulendo ambirimbiri, mpaka mpweya wobisala utuluke ndipo chinyezi chifanane paliponse.

Asanaumbe chilichonse chofunika ndi dongo latsopano, amayamba aliyesa. Amapanga kachidutswa kosalala, n'kulembapo mzere wa masentimita 10 ndendende. Kakauma amayeza, kakapsa amayezanso. Mzere ukatsala masentimita 8.8 ndiye kuti dongolo limafwaphira magawo 12 pa 100 alionse, ndipo wofuna chivindikiro chokwana bwino pa mphika ayenera kuwerengera pamenepo. Kachidutswa komweko amakayeza pasikelo kali kouma, kukawiritsa m'madzi, kukapukuta, n'kukayezanso, kuti adziwe madzi amene kamwa. Ndi ntchito yosasangalatsa kuonerera, koma ndiyo imasiyanitsa botolo losunga mafuta ndi botolo lochucha kunsi pang'onopang'ono. Moto nawo uli ndi malo ake oopsa, ndipo onse amadziwika. Pafupi ndi madigiri 100 chinyezi chotsalira chimasanduka nthunzi, ndipo ukathamanga mbiya imaphulika n'kuphwanya zinzake. Pakati pa madigiri 450 ndi 600 amachoka madzi omangika mkati mwenimweni mwa dongo, ndipo kuchokera pamenepo palibenso kubwerera, ulinyike chaka chonse silidzafewanso. Pa madigiri 573 timibulu ta silica timatupa mwadzidzidzi, ndipo pozizira timabwerera pamalo omwewo. Wosonkhezera wanzeru amadutsa pamenepo mofatsa popita ndi pobwera.

Koma kumene Alfred anadziwika nako kwambiri ndi ku glaze, ndipo apa m'pofunika kukhalitsa. Glaze ndi galasi lopyapyala lomatirira pa dongo. Mwini galasi ndi silica, koma silica payekha amasungunuka pa madigiri opitirira 1,700, moto umene mbiya ingafike yagwa kalekale. Ndiye pafunika zomusungunulira msanga: laimu, soda, potash wa mu feldspar, ngakhale phulusa la nkhuni. Zimenezi zikachita ntchito yake galasi limayenda ngati madzi, n'kutsetsereka kuchoka pakhoma la mbiya, choncho pafunikanso alumina, wochokera m'dongo, woti aligwire likhale pamene laikidwa. Nkhani yonse ya glaze ndi kukangana kwa atatu amenewa. Chovuta n'chakuti isanalowe m'moto palibe chimene chimaoneka. M'ndowa muli madzi okhuthala otuwa, m'ndowa ina momwemonso, koma ina idzatuluka yobiriwira yowala, inayo yakuda bii. Woumba amapaka mtundu umene sakuuona.

Njira imene Binns ndi omutsatira anaphunzitsa, yochokeranso kwa Seger uja, ndi yosawerenga magalamu okha. Amatenga chinthu chilichonse chili mu glaze n'kuchimasula papepala: mu feldspar uyu muli potash wochuluka bwanji, alumina wochuluka bwanji, silica wochuluka bwanji. Zosungunula zonse amaziphatikiza kuti zikwane 1, kenako amaona kuti pa 1 ameneyo pali alumina ndi silica wochuluka motani. Ukatero, glaze ziwiri zooneka zosiyana kotheratu pa mndandanda wa zosakaniza zikhoza kupezeka kuti ndi imodzimodzi, ndipo ukhoza kulosera usanayatse moto: silica akachuluka poyerekeza ndi alumina ituluka yonyezimira, akachepa ituluka yosanyezimira, yofewa m'manja. Phindu la masamu amenewa limaoneka tsiku limene mgodi watsekedwa. Kufupi ndi mzinda wa Albany, m'chigawo chomwecho cha New York, kunkakumbidwa dongo lina limene palokha linkasungunuka kukhala glaze yofiirira yakuda, ndipo oumba a ku America analidalira zaka zoposa 100. M'zaka za m'ma 1980 linaleka kukumbidwa. Amene ankangosunga muyeso pamtima anagwira njakata. Amene ankadziwa zimene zinali mkati mwa dongolo anakhala pansi ndi pensulo n'kusakaniza lina lofanana nalo.

Masamu amangokufikitsa pakhomo, kulowa m'nyumba n'kwa tizidutswa toyesera. Wophunzira amayeza magalamu 100 a ufa pa sikelo yomva ngakhale kachigawo ka galamu, atavala chophimba mphuno poti fumbi la silica limawononga mapapo. Amathira madzi, kuvundula, kusefa pa sefa yosalala, n'kuviika kachidutswa ka dongo koimirira, kokhala ndi timizere tokanda kuti adzaone mmene glaze imadzazira m'maenje ndi mmene imapyapyalira pa nsonga. Theka la kachidutswako amaliviika kawiri. Kuseri amalemba nambala ndi utoto wa chitsulo, chifukwa pensulo wamba imapsa n'kuzimiririka. Akafuna kudziwa zimene zili pakati pa glaze ziwiri amapanga mzere: 90 ya iyi ndi 10 ya iyo, 80 ndi 20, 70 ndi 30, mpaka kumapeto. Zikakhala zitatu amaziyala mwa makona atatu, tizidutswa 21, kapena 66 akafuna kuyenda timasitepe ting'onoting'ono. Potuluka mu uvuni amatiyala patebulo m'dongosolo lomwelo n'kuwerama. Tambiri timakhala tonyansa: kena kouma kokhakhala, kena kodzaza timatuza, kena kathawa pa dongo n'kuunjikana timadontho. Koma diso likayenda kuchokera kungodya ina kupita kwina limaona kusinthako kukuchitika pang'onopang'ono, ndipo penapake, mwina kachitatu kuchokera m'mbali, pali kamodzi kamene kuwala kwalowa mkati n'kubwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tonyansa tija satitaya, chifukwa nditi timene tikusonyeza malire a kabwinoko.

Ngakhale khutu lili ndi ntchito. Mbale ikangotuluka mu uvuni nthawi zina imamveka kuti ting, ting, payokha patebulo. Imeneyo ndi glaze ikung'aluka timing'alu tosaoneka bwino, chifukwa pozizira yafwaphira kuposa dongo limene yakuta. Mankhwala ake amadziwika: onjezani silica, chepetsani soda. Koma woumba wina amafuna timing'alu tomweto, amatipaka inki kuti tioneke, monga ankakondera akale a ku China. Kusiyana kwa vuto ndi kukongola apa n'kwakuti kodi unazifuna, ndipo kodi ungazibwerezenso.

Mitundu ina imabadwa ndi mpweya. Mu uvuni wa gasi, moto ukafika pakati, wosonkhezera amakankhira mkati chotsekera cha pachumuni kuti mpweya wolowa uchepe. Lawi limafooka, limatuluka pa kabowo kosuzumira ngati lilime, fungo limasintha. Moto wosowa okosijeni umayamba kumulanda m'zitsulo zimene zili mu glaze. Chitsulo chochepa, gawo limodzi kapena awiri pa 100, chimene pa moto wa mpweya wokwanira chikanapereka mtundu wachikasu wofiirira, chimasanduka chobiriwira chotuwira, mtundu wotchuka wa celadon. Mkuwa umene ukanakhala wobiriwira umatuluka wofiira ngati magazi. Kutsekera kwambiri kumadetsa zonse ndi kuwononga gasi, kutsekera mochedwa kumapeza glaze itatseka kale pamwamba. N'chifukwa chake pambali pa uvuni pamakhala pepala, ndipo nthawi ndi nthawi wina amalemba ola, kutentha, mphamvu ya gasi, pamene chotsekera chili, ndi koni imene yagwa. Moto ukazimitsidwa amadikira tsiku lathunthu kapena kuposa. Zikatuluka bwino, pepala lija ndilo lidzathandize kubwereza. Zikaipa, ndilo lidzaulule pamene panalakwika.

Anthu awiri ndiwo anafalitsa kwambiri khalidwe limeneli kunja kwa Alfred. Daniel Rhodes, amene anaphunzitsa kuyambira 1947 mpaka 1973, analemba Clay and Glazes for the Potter mu 1957, buku lofotokoza sayansi ya dongo m'mawu oti woumba wosadutsa ku labotale amve, ndipo m'malo ambiri oumbira padziko lapansi mulipeza lili pa shelefu, lothimbirira ndi zala zadongo. Val Cushing, amene anaphunzitsa kuyambira 1957 mpaka 1997, ankaumba miphika ya zivindikiro yonenepa bwino, yoti dzanja lifune kuigwira, ndipo miyeso ya glaze zake ankaipereka kwa aliyense wofuna. Mpaka lero pa ndowa za oumba ambiri pamalembedwa zilembo V.C. kutsogolo kwa dzina la glaze, ena osadziwa n'komwe kuti ndi dzina la munthu. Tikakumbukira fakitale imene Binns anakuliramo, ulendo wake ndi wautali.

Si onse anagoma nazo. M'zaka za m'ma 1950, ku California, Peter Voulkos ndi ophunzira ake ankang'amba dongo, kuliboola, kuliunjika milumilu, ndipo poyerekeza ndi iwo Alfred ankaoneka ngati sukulu ya ana omvera, oumba zolondola koma zosadzidzimutsa. M'chidzudzulocho munali choonadi pang'ono, pakuti kudziwa kwambiri kumatha kumanga manja. Yankho labwino linachokera kwa Robert Turner, mphunzitsi wa ku Alfred kuyambira 1958 mpaka 1979. Iye anayamba ndi ziwiya za patebulo zoumbidwa bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anayenda ku Nigeria ndi ku Ghana, ndipo atabwerako mitsuko yake inasintha. Ankaumba chinthu chozungulira bwinobwino, kenako n'kuchikankha ndi chikhatho kuti chipendekeke, kudula mzere umodzi wakuya, kumata kachidutswa ka dongo pamalo amene diso silinayembekezere, ndipo glaze ankaichotsa kunyezimira poiwombera mchenga. Maina a mitsukoyo ndi Ashanti, Ife, Akan, Oshogbo, kuvomereza kumene maso ake anatsegukira. Kupotoka kwa mitsuko imeneyi kumagwira mtima chifukwa ukuona kuti mwiniwake akanatha kuiwongola. Wayne Higby, amene anafika mu 1973, anatenga njira ina: mbale zikuluzikulu zojambulidwa zigwa, matanthwe ndi nyanja, mizere ya mkati ndi ya kunja yokonzedwa kuti ukaima pamalo amodzi ikumane, mbale n'kuoneka ngati yaphwatalala kukhala dziko lotambalala. Ntchito za anthu amenewa zimasungidwa ku Alfred Ceramic Art Museum, imene nyumba yake yatsopano inatsegulidwa mu 2016.

Galasi linalowa m'kolejiyi ngati sayansi lisanalowe ngati luso. Mu 1932 Samuel R. Scholes, katswiri wochokera m'mafakitale a galasi, anayambitsa maphunziro a kapangidwe ka galasi, ndipo laibulale ya kolejiyi imatchedwa dzina lake. Mzinda wa Corning, likulu la galasi ku America, uli chakum'mawa, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Galasi wamba ndi mchenga, soda ndi laimu, mchenga wokha kupitirira magawo 70 pa 100, ndipo aluso amalisunga losungunuka m'ng'anjo yosazima usana ndi usiku, pa madigiri oposa 1,100. Woumba dongo akhoza kuima, kumwa tiyi, n'kubwerera. Wa galasi sangatero. Amalowetsa paipi yachitsulo m'ng'anjo, kuizunguza kuti itole galasi kunsonga, ndipo kuyambira pamenepo paipiyo siileka kuzungulira, ikangoima galasi limalendewera mbali imodzi. Amaligubuduza pa tebulo lachitsulo kuti khungu lakunja lizizire pang'ono, kuuzira kamodzi, kutseka ndi chala, n'kusiya mpweya wotenthawo udzitupitse wokha mkati. Amakhala pa benchi, dzanja lamanzere likugubuduza paipi, lamanja likuumba ndi chikho cha mtengo chonyikidwa m'madzi, kapena ndi nyuzipepala yonyowa yopindidwa kangapo ili pachikhatho. Pepala lonyowa lokha pakati pa khungu la munthu ndi galasi lofiira! Nthunzi ndiyo imateteza, ndipo galasi limatsetsereka pamwamba pake osakandika. Pakapita timphindi galasi laumanso, abwerere nalo kumoto. Mnzake amakhala pambali, kuuzira akauzidwa, kutchinga dzanja la mnzake ku moto ndi kathabwa, kubweretsa ndodo ina yachitsulo yomata kunsi kuti khosi lidulidwe ndi kutsegulidwa. Amalankhulana mawu amodzi-amodzi, nthawi yofotokoza palibe.

Chikatha, chinthucho sachisiya pamphepo. Kunja kukazizira msanga mkati mudakali motentha, galasi limasunga kukokana kosaoneka, ndipo likhoza kuphulika mawa kapena mwezi wamawa popanda wolikhudza. Amaliika mu uvuni wina wa madigiri pafupifupi 500, likhale pamenepo, kenako lizizire pang'onopang'ono, usiku umodzi ngati n'lopyapyala, masiku kapena masabata ngati n'lochindikala. Kukokana kobisikako kumatheka kukuona: galasi likaikidwa pakati pa timapepala tiwiri tosefa kuwala, malo okokana amaoneka mizere ya mitundu. Apa waluso ndi wasayansi amagwiritsa chida chimodzi.

Mbali ya mainjiniya imatchedwa Kazuo Inamori School of Engineering kuyambira 2005, potengera dzina la munthu wa ku Japan amene anayambitsa kampani ya Kyocera mu 1959. Kumeneko dongo la kudambo silioneka kwenikweni. Amagwira ufa woyengedwa wa alumina, zirconia ndi zina, kuupanikiza m'zikombole zachitsulo, n'kuuotcha mpaka timibulu tigwirane popanda kusungunuka. Zotuluka zake tili nazo pafupi kuposa mmene timaganizira: choyera chija cha pa pulagi ya injini, tizigawo ta mkati mwa foni, mano oikirira, zotchinga moto m'ng'anjo zosungunulira zitsulo. Kolejiyi imaperekanso digiri ya udokotala pa sayansi ya galasi, chinthu chosowa kwambiri. Injiniya amafuna zinthu 1,000 zofanana ndendende, waluso amafuna chimodzi chosafanana ndi china chilichonse, ndipo sindinganame kuti anthu awiriwa amamvana pa zonse. Koma mafunso amene amafunsa moto ndi amodzi.

Pamene amakumana mosayembekezereka ndi pa chinthu chosweka. Aphunzitsi a zoumba ali ndi chizolowezi chodula ndi waya mbale yaiwisi ya wophunzira, kuchokera pamlomo mpaka kunsi, kuti aone khoma: lanenepa pati, lapyapyala pati, zala zinachita mantha pati. Mainjiniya anapita patsogolo. Van Derck Fréchette, pulofesa wa ku Alfred kwa zaka zambiri, anali m'modzi wa akatswiri amene anakulitsa luso lowerenga nkhope ya galasi kapena chiwiya chosweka, ndipo buku lake la 1990, Failure Analysis of Brittle Materials, ndi lodziwika kwa onse a ntchitoyi. Mng'alu umasiya mapazi. Pamene unayambira pamakhala kamalo kosalala kowala, chifukwa unkayenda pang'onopang'ono. Kuzungulira pamenepo pali kachifunga, pamene unayamba kuthamanga. Kenako pamabwera mizere yokhakhala yotambasuka mbali zonse, ndipo ukaitsata chobwerera imakufikitsa pa gwero: kamchenga kosasungunuka, kathovu ka mpweya, kokandika kamene wina anakasiya ponyamula. Kamalo kosalala kakakhala kakang'ono ndiye kuti mphamvu imene inaswa inali yaikulu, kakakhala kotambalala inali yochepa, ndipo poyeza kukula kwake amatha kuwerengera mphamvuyo. Ndi mmene amadziwira ngati botolo linaphulika chifukwa cha mpweya wa mkati, kumenyedwa, kapena kutentha ndi kuzizira mwadzidzidzi, ndipo nkhani zotere zimafika mpaka kukhoti.

Lamulo loyamba limene wophunzira ntchitoyi amauzidwa limalimbana ndi chibadwa cha munthu aliyense. Chinthu chikasweka, manja amathamangira kutola zidutswa ziwiri n'kuzilumikiza kuti aone mmene zinalili. Osatero. Nkhope ziwirizo zikakhudzana zimakandana, ndipo timizere tofunika kuwerenga timafufutika. Chidutswa chilichonse amachitola m'mbali, kuchikulunga pachokha, kulemba nambala ndi pamene chinagwera, n'kupita nacho pa maikulosikopu.